Anakhuza maliro a bambo anga ali pa masitepe ku Philadelphia

Apongozi anga, bambo ake a mwamuna wanga, anatisiya mu February 2024 ali ndi zaka 94. Anthu akandifunsa kuti anali munthu wotani, ndimayankha zomwe aliyense pabanjapo amayankha: anabadwira ku South Philadelphia kuno ku America mu 1929, makolo awo anachokera ku Abruzzo m'dziko la Italy, anapita ku nkhondo ya ku Korea, anali mmisiri womanga ndi njerwa, analera ana asanu m'nyumba imodzi yomweyo imene anamwaliriramo. Ana, adzukulu, ngakhale oyandikana nawo nyumba ankangowatchula kuti Pop. Zonsezi n'zoona. Koma ine chimene chimandibwererabe ndi tsiku limodzi la mu July 2020, ndi nkhani imene anandiuza usiku wa tsikulo. Ena mwa ana awo obereka okha nkhaniyo anali asanaimvepo.

## Apongozi osathawika

Ine ndine wa ku Balaka, choncho Ataliyana sanali achilendo kwa ine. Tinakula tikuwaona ansembe a chipani cha Montfort, olankhula Chichewa mpaka miyambi. Koma Mtaliyana wa banja, wa ana ndi adzukulu, ndinadzamuonera kuno.

Tsiku loyamba kupita kwawo ndinakonzeka monga amayi anandiphunzitsira. Ndinanjuta pakhomo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, maso pansi. Iwo sanalione n'komwe dzanjalo. Anandigwira masaya onse awiri ndi manja aja okhakhala, n'kundipsompsona tsaya ili ndi ili, kenako n'kundikokera mpando woyandikana ndi wawo. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Apongozi aamuna sukhala nawo phewa ndi phewa, sudya akukuyang'ana. Apa iwo eniake ndi amene ankandipakulira, ndipo mbale ikangoyamba kuonekera pansi ankawonjezera osandifunsa. "Idya, mwana wanga. Waonda iwe."

Zinanditengera nthawi kuti ndizolowere, ndipo mpaka imfa yawo sindinayerekeze kuwatchula dzina. Chimene chinatiyandikiza koyamba ndi polenta. Tsiku lina m'nyengo yozizira anavundula ufa wachikasu wa chimanga mumphika waukulu, n'kuukhuthulira pa thabwa lalitali pakati pa tebulo, pamwamba n'kuthira msuzi wa tomato ndi masoseji. Mbale panalibe. Aliyense ankadya kuyambira mbali yake kulowera pakati. Anati chimenechi ndiye chinali chakudya cha amphawi kwa makolo awo, chimene chinawapulumutsa m'zaka za mavuto azachuma zoyambira mu 1929. Ndinawauza kuti ikanangolimba pang'ono ikanakhala nsima ya mgaiwa. Sabata yotsatira anandiuza kuti ndiwaphikire, ndipo anadya ndi manja.

## Njerwa, tomato ndi mtengo wa nkhuyu

Nyumba yawo inali imodzi mwa nyumba zogundizana zija za ku South Philadelphia, zopapatiza, khoma limodzi kugawana ndi woyandikana naye, kutsogolo masitepe a mwala woyera otsikira mumsewu. Kuseri kunali kabwalo kakang'ono ka simenti, koma m'mbali mwake anapezamo malo a tomato, tsabola ndi mtengo wa nkhuyu. Mtengowo sugwirizana ndi chisanu cha kuno. Chaka chilichonse mu November ankaumanga nthambi ndi chingwe, n'kuukulunga ndi makapeti akale ndi lona, pamwamba n'kuvundikira ndowa kuti madzi asalowe. Pofika April ankauvundukula. Anachita zimenezi mpaka ali ndi zaka 92, mwamuna wanga atawagwirira makwerero uku akudandaula.

Sukulu anasiya nkhondo yachiwiri itangotha, n'kuyamba kunyamulira amisiri njerwa ndi matope. Mu 1951 anawatenga ku usilikali, anabwerako mu 1953, ndipo za ku Korea sankakamba, kupatula kuzizira kwake. Anakwatira mu 1955. Ntchito yomanga kuno ili ndi nyengo yake, chifukwa kukazizira kwambiri matope a simenti amaundana asanagwire, ndiye ntchito imaima. Miyezi imeneyo ankakatsitsa makatoni a ndiwo zamasamba ku msika wa Ataliyana wa pa 9th Street, kumene ogulitsa mpaka lero amasonkha moto m'migolo kuti aothe. Ndalama yonse ankapereka kwa mkazi wawo Lachisanu, envelopu yosatsegula.

Ukayenda nawo pagalimoto unkayenera kukonzeka kuima. "Taima apa. Khoma ilo ndinamanga ine." Ankatsika, n'kuyendetsa chala chachikulu mu mzere wa matope pakati pa njerwa, kuona ngati wayamba kufumbutuka. Sukulu, tchalitchi, nyumba za anthu, anali kuzikumbukira zonse pamodzi ndi chaka chake.

Pamene ndinkalowa m'banjamo n'kuti apongozi aakazi atayamba kale kudwala matenda oiwala a Alzheimer's. Ana anakambirana zowapititsa ku nyumba yosamalirako okalamba. Bambo anamvetsera mpaka onse anamaliza, n'kungoti, "Mayi anu akhala pano." Munthu amene moyo wake wonse sanaphikepo kalikonse kupatula polenta anaphunzira kuphika msuzi wa Lamulungu, umene Ataliyana a ku Philadelphia amautcha gravy, akufunsa mkazi wawo pa masiku amene mutu unali bwino, n'kumalemba pa katoni. Anaphunzira kuwasambitsa, kuwapesa, kuwapaka mafuta kumapazi. Mayiwo anamwalira mu 2012 pa bedi lawo lomwe.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Chikondi chawo chinali cholemera kuchisenza. Lamulungu 2 koloko masana aliyense ankayenera kukhala patebulo, ndipo chifukwa chomveka cholepherera chinali chipatala basi. Mwana wawo wamkazi atapeza malo ku yunivesite yakutali anamukaniza, ndipo mlamu wangayo bala limenelo akadali nalo. Wina atasamukira ku California chifukwa cha ntchito, anatha miyezi osamulankhula. Ine ndinkaona ngati ndi kuuma mtima chabe kwa munthu wachikale. Gwero lake ndinali ndisanalidziwe.

## July 2020

Achimwene anga anaimba kuno kukadali mdima. Bambo anga anali atatisiya m'mawa umenewo kumudzi.

Mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Ndege zolowa ndi kutuluka m'Malawi zinaimitsidwa kuyambira pa 1 April chifukwa cha Covid-19, ndipo bwalo la Kamuzu linadzatsegulidwanso pa 1 September. Panalibe choti n'kuchita. Ndalama ya bokosi ndi ya ufa ndinatumiza, koma ndalama siikhuza maliro. Achimwene anaika foni pa mpando pafupi ndi khomo la nyumba ya siwa, WhatsApp ili yotsegula, kuti ndizimva.

Nyengo imeneyi Malawi amakhala patsogolo ndi maola 6. Pamene amayi a limana ankayamba nyimbo za usiku ku Balaka, kuno kunali masana, dzuwa likuswa mtengo, ana a eni akukwera njinga mumsewu. Ine ndinali pansi m'chipinda chochezera, nditamanga chitenje, ndikulira ndi foni m'manja.

Mwamuna wanga anali atawaimbira bambo ake kuwauza za malirowo, n'kuwachenjeza kuti asabwere. Anali ndi zaka 90, ndipo kuyambira March sitinkawalola kuyandikira munthu. Zakudya tinkangowasiyira pakhomo. Koma chakumadzulo tinamva kugogoda pawindo. Anali iwo, masiki kukamwa, ndodo dzanja limodzi, dzanja lina kampando kopinda kaja amakhalira anthu a kuno panja nthawi yotentha. Kumbuyo kwawo kunali mnyamata wa oyandikana nawo atawanyamulira mphika wokulunga m'thawulo. Anayenda wapansi kuchokera kwawo, kutentha konse kuja.

Mwamuna wanga anayamba kuwakalipira. Iwo sanamuyankhe. Anandiyang'ana ine pawindo n'kufunsa, "Kwanu amuna amatani pakagwa maliro?"

Ndinati, "Amakhala panja, bambo. Amaotha moto mpaka kucha. Amayi ndi amene amakhala m'nyumba."

"Chabwino. Ine ndikhala panja."

Anatambasula kampando kaja pafupi ndi masitepe, anavula kapu n'kuiika pa bondo, anatulutsa kolona m'thumba. Ndinakweza windo n'kuika foni pamenepo kuti nawonso azimva. Kumudzi kunali chisanu cha July, ndinkamva amuna akutsokomola ndi utsi. Kuno thukuta linali kutsika m'khosi mwa nkhalamba ija mpaka kolala ya shati kunyowa. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe la nyimbo zija. Koma amayi akayamba kolona ankazindikira kayendedwe kake, n'kumatsatira chapansipansi m'Chitaliyana cha amayi awo. Odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro, ena ankafunsa, iwo n'kuyankha mwachidule kuti, "Tili ndi maliro. Bambo a mwana wanga." Ena mwa oyandikana nafe anatulutsa mipando yawo n'kukhala pa makomo awo, motalikirana.

Mwamuna wanga anayesa kangapo kuti awaperekeze kwawo. Anakana. Anati achoka kukacha ku Malawi.

## Kalata ya 1945

Kutada ndinatuluka n'kukhala pa sitepe yapamwamba, iwo ali m'munsi, pakati pathu mpata uja tinkauzidwa kuti tizisiya. Nyimbo pafoni zinali zitayamba kuzilala, anthu atatopa. Ndi pamene anayamba kulankhula, osandiyang'ana, maso ali kumsewu.

Bambo awo anachoka kumudzi kwawo, chigawo cha Chieti, mu 1920, n'kulowera pa Ellis Island ku New York monga ena onse. Pakati pa 1880 ndi 1924 Ataliyana oposa 4 miliyoni anawoloka nyanja motero, ambiri amphawi a kum'mwera, ndipo ochuluka ankapita ndi maganizo okagwira ntchito zaka zochepa n'kubwerera. Nawonso anawalonjeza amayi awo kuti pakatha zaka zitatu abwera. Koma mu 1924 boma la America linakhazikitsa lamulo lochepetsa olowa m'dziko. Ataliyana, amene zaka zina ankalowa oposa 200,000 pachaka, anapatsidwa malo osakwana 4,000. Munthu amene anali asanatenge unzika ankaopa kuti akatuluka mwina sadzaloledwanso kulowa. Kenako ukwati, ana, ntchito kusowa. Zaka zitatu zija zinangopitirira.

Nkhondo itafika, mu December 1941, Ataliyana pafupifupi 600,000 amene analibe unzika anatchedwa alendo a dziko la adani. Bambo awo anali m'gulu limenelo. Anapatsidwa kabuku kokhala ndi chithunzi ndi chidindo cha chala koti aziyenda nako, ndipo wailesi yogwira mawayilesi akunja sankaloledwa kukhala nayo. Chiletsocho chinachotsedwa mu October 1942, koma manyazi ake anatsalira. Kunja kwa nyumba makolo anasiya kulankhula Chitaliyana, ana n'kuuzidwa kuti aziyankha m'Chingerezi. Mu 2000 boma linadzavomereza poyera kuti anthuwa analakwiridwa, pulezidenti Bill Clinton atasaina lamulo lonena za nkhaniyi. Apa n'kuti eni ake ambiri ali m'manda.

Makalata ochokera kumudzi anasiya kubwera. Kumapeto kwa 1943 nkhondo inadzaima m'dera lawo lenilenilo, m'mbali mwa mtsinje wa Sangro. Ku tawuni ya Ortona asilikali a Canada ndi a Germany anamenyana nyumba ndi nyumba mu December, ndipo midzi yambiri ya kumapiri inagumulidwa, anthu n'kuthamangitsidwa m'chisanu. Agogo awo aakazi anamwalira nyengo yozizira imeneyo. Kalata yonena za imfayo inafika ku Philadelphia mu 1945, yolembedwa ndi wansembe, envelopu ya mzere wakuda m'mbali. Munthu anali atagona m'manda chaka ndi miyezi, mwana wake akumutchulabe m'mapemphero a amoyo.

"Ndinali ndi zaka 15," anatero. "Amayi anandituma kuti ndikawaitane bambo, chakudya chapsa. Ndinawapeza m'chipinda chapansi, kumene tinkasunga migolo ya vinyo. Anakhala pa kreti, kalata pa bondo. Anali ataika kapu kukamwa kuti ife kumwamba tisamve. Ndinaima pa masitepe. Ndinachita mantha. Ndinabwerera n'kukauza amayi kuti akubwera."

Anakhala chete kanthawi, mikanda ya kolona ikuyenda m'zala.

"M'mawa mwake anapita kuntchito. Panalibe Misa, panalibe wobwera kudzapepesa, maliro a chaka chatha ndani angabwerere? Palibe anakhala nawo. Ngakhale ine amene ndinawaona."

Sanawonjezerepo kanthu, ndipo ine sindinafunse. Chapakati pa usiku tinamva atambala akulira pafoni. Ku Balaka kunali kukucha. Anapinda kampando kawo, n'kulola mwana wawo kuwaperekeza.

M'mawa 8 koloko isanakwane anali atabweranso, atavala suti yakuda imene anavala pa maliro a mkazi wawo, tayi ndi nsapato zopolisha. Kumudzi inali 2 koloko masana, ulendo wa kumanda. Netiweki inkadukaduka, chithunzi chikuima, mawu akubwera mochedwa. Pamene achimwene anatembenuza foni kuti ndione adzukulu akutsitsa bokosi, apongozi anga anagwira ndodo n'kuimirira. Anaima choncho mpaka dothi lomaliza.

## Pambuyo pake

Kuyambira pamenepo lamulo lawo la Lamulungu ndinayamba kuliona mwina. Munthuyu anaona ali mnyamata chimene mtunda umachita ku banja, ndipo anatsimikiza mumtima kuti wake aliyense azikhala poti akhoza kumufikira wapansi. N'chifukwa chake sanasamuke pamene anzawo ambiri ankagula nyumba za mabwalo aakulu kutsidya kwa mtsinje ku New Jersey. N'chifukwa chake California inawapweteka chomwecho. Sindikunena kuti analondola pomukaniza mwana wawo sukulu, ayi, pamenepo analakwa ndipo mlamu wanga ali ndi ufulu wowawidwa mtima. Koma nditamufotokozera nkhani ya chipinda chapansi ija, analira, n'kunena kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti bambo ake sankamukhulupirira.

Ku Italy sanapiteko. Ana anasonkherana kangapo kuti awagulire tikiti, iwo n'kumati, "Ndikaone ndani? Anthu anga onse ali pano." Ine ndimakhulupirira kuti ankaopa kukaima pa manda amene bambo awo sanawaone. Koma munthu yemweyo, amene sankafuna mwana wake aliyense apite kutali, ndi amene anandikankha ine kuti ndipite kwathu. Mu 2021, tonse titabayitsa katemera, anandiitanira kukhitchini n'kundipatsa envelopu ya ndalama zimene ankasunga m'chitini cha khofi. "Pita ukaone mayi ako. Tenga ana. Usawalonjeze chaka chamawa." Nditayamba kukana anakweza dzanja, ndipo aliyense pabanjapo ankadziwa kuti dzanja limenelo likakwera nkhani yatha.

Za chilankhulo ndiye sankanyengerera. Iwo Chitaliyana chinawatsalira cha mapemphero, cha zakudya ndi cha kukalipa, ndipo ana awo asanu palibe amene amachilankhula. Akandimva ndikuyankhula ndi ana anga m'Chingerezi ankagogoda tebulo. "Alankhule chakwanu. Adzalankhula bwanji ndi agogo awo?" Lero mwana wanga wamkulu amacheza ndi amayi pafoni popanda ine kumasulira, ndipo mbali yaikulu ya zimenezi ndi khama la nkhalamba imene sinkadziwa ngakhale kuyankha moni wa Chichewa bwinobwino.

Amayi nditawauza zonse zimene zinachitika pa masitepe paja, anakhala chete, kenako anati, "Amenewo ndiye asewere anga enieni." Pobwerera anandipatsira chipewa cha mlaza choti ndikawapatse. Ankachivala akamathirira tomato. Awiriwa sanaonanepo maso ndi maso, ankangokwezerana manja pa vidiyo, wina kunena zake wina zake.

Atamwalira, maliro a kuno anandichepera. Madzulo amodzi anthu kudzaona nkhope ku nyumba yokonzera maliro, m'mawa Misa, kumanda, chakudya ku lesitilanti, pofika 3 koloko aliyense wakwera galimoto yake. Asilikali awiri anapinda mbendera n'kuipereka kwa mlamu wanga wamkulu. Koma usiku womwe thupi lawo linagona lokha ku nyumba ya maliro ija, ku Balaka amayi anali ataitana anzawo a limana, ndipo anaimba pakhonde mpaka usiku kwambiri. Anatumizanso chipepeso kuchokera pa ndalama zawo za nandolo, n'kundilamula kuti ndikapereke m'manja mwa mwana wamkulu, ndipo nditchule kuti chachokera kwa asewere. Alamu anga anasowa chochita nacho. Wina anati tibweze, mayi wamasiye wa kumudzi sangatipatse ife ndalama. Ndinawauza kuti chipepeso sichibwezedwa. Mapeto ake anakaperekera Misa ku parishi kwawo, n'kulembetsa mayina awiri, la bambo awo ndi la agogo aja anamwalira m'chisanu cha nkhondo.

## Lamulungu

Nyumba ija inagulitsidwa. Dera lonselo lasintha, m'misewu imene munali Ataliyana okhaokha tsopano muli anthu ochokera ku Mexico, Vietnam ndi Cambodia, ndipo pa 9th Street masitolo awo ali khomo ndi khomo ndi a tchizi akale aja. Iwo eniake sankadandaula nazo. Ankati anthu amenewa akuchita zomwe bambo awo anachita, ndipo mnyamata uja anawanyamulira mphika makolo ake ndi a ku Puebla, m'dziko la Mexico.

Thabwa la polenta ndi katoni yolembapo kaphikidwe ka msuzi zinabwera kwathu, chifukwa mwamuna wanga ndi yekhayo amene anatsala mumzindamu. Amayamba kukazinga nyama 8 koloko m'mawa monga ankachitira bambo ake. Koma ndinene zoona, tebulo silidzaza. Popanda munthu woopedwa, aliyense ali ndi chifukwa: mpira wa ana, ntchito, msewu wodzaza. Miyezi ina timadya ife tokha ndi ana athu. Mwamuna wanga sakonda kukakamiza anthu, ndiye ntchito yoimba mafoni Lachinayi ndaitenga ine, mlendo wa pabanjapo, ndipo ndimaimba mopanda manyazi. Sabata ino mlamu wanga wamkazi wavomera kuti abwera ndi ana ake onse, ndipo wa ku California wati timuimbire pa vidiyo tikakhala patebulo. Ndawauza kuti chakudya ndi 2 koloko.